Chinjoka cha pa Mkono wa Alamu

Lolemba, 9 Juni

Msana wanga watha. Anthu anayi lero, atatu ofuna tatuu ya gulugufe. Wachinayi anali alamu, amuna a malemu achemwali anga. Alowa chipewa chili m'manja, n'kundionetsa chithunzi pafoni: chinjoka chakuda bii, chopanda mamba, mizere yokhayokha yonenepa, yosongoka ngati minga. Akuti anawerenga kuti chimatanthauza mphamvu, chimalondera nyumba. Ndafunsa kuti tichiike pati. Apinda malaya kumanzere, pamene pali dzina la achemwali.

Dzinalo ndinajambula ndine, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Achemwali analemba okha papepala, ine n'kutsatira ndi singano malembo awo opendama aja.

Akukwatiranso mwezi wamawa. Mayiyo akuti sangatsamire mkono wa dzina la mkazi wina. Sindikumunena, nanenso sindikanalola. Koma zandipweteka.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndasanthula nyumba yonse. Palibe kalata, ngakhale kapepala kopita nako kumsika. Achemwali zonse ankalemba pafoni. Ndiye kuti malembo awo atsala pamkono umodzi basi.

Lachinayi, 12 Juni

Mapepala asanu ndi awiri m'bini. Chakuda chimaphimbika ndi chakuda chokha, ndiye thupi la chinjoka liyenera kudutsa pachilembo chilichonse, mipata ya khungu igwere m'mbali. Ndinayesa kuba pang'ono, kusiya kamchira ka chilembo chomaliza kuti kaoneke ngati chikhadabo. Telala wa khomo loyandikana nane wasuzumira, wati, "Ichi n'chilembo, usatipusitse." Telala amene saona ndi bowo la singano yake yomwe. Nanga mkwatibwi angalephere?

Alamu aimba foni, akuti mutu uyang'ane kumwamba, choyang'ana pansi n'tsoka. Ndawayankha kuti chiyang'ana kumene inki yakale yachilola. Ndinalankhula mwaukali, ndikudziwa.

Loweruka, 14 Juni

Ndinaganiza zowatumiza kwa mnzanga wa kuseri kwa siteshoni. Koma uja dzanja lake n'lolemera, amalima munthu ngati munda. Ngati dzinali likukwiriridwa, ndikwirira ndekha.

Lolemba, 16 Juni

Tulo ayi. Chinjoka chatheka papepala, ndipo chakongola. Chondinyansa n'chimenecho.

Lachitatu, 18 Juni

Afika m'mawa. Ndameta ubweya, ndapukuta mkono. Ndisanamate chithunzi ndawauza kuti ndiyambe ndakopera dzinalo pakapepala kopyapyala, kuti ndione muyeso. Bodza. Muyeso ndinatenga kale tsiku loyamba. Atatembenuka kukoleka jekete, kapepalako ndakalowetsa m'thumba la epuloni.

Maola anayi. Poyamba amalongolola za mipando ya ukwati ndi za suti yothina m'khwapa. Singano itafika pachilembo choyamba, ndimangomva makina ndi wailesi ya telala. Ndawafunsa ngati tipume, apukusa mutu. Chilembo chilichonse ndimachiwerenga mumtima ndisanachidetse. Chomaliza chija ndachidutsa kawiri kuti pasatsale kanthu. Ntchito ndi ntchito.

Aima pagalasi nthawi yaitali. Mutu ukuyang'ana kumwamba, monga anafunira.

"Chakongola, mlamu," atero. Ndawakulunga pulasitiki, ndawauza za kusamba ndi mafuta. Afika pakhomo, abwerera.

"Kapepala munakopera kaja, mungandipatse? Mayi uja sakakaona. Ndikasunga kuntchito."

Ndati ndataya.

Sanakwiye. Aika chipewa pampando, agwada pafupi ndi bini, ayamba kutulutsa magolovesi ndi thonje la inki ndi magazi awo omwe, chimodzichimodzi, mkono womangawo ataukweza m'mwamba kuti usade. Pepala lililonse akulitambasula bwinobwino pabondo.

Ine ndaima kumbuyo kwawo, dzanja lili m'thumba.