Nkhani ya kuchigayo yawathawa abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Kawale tilipo, koma abambo ndiye ayi. Thupi lili bwino, mutu ndi umene ukungoipiraipira.

Loweruka kunali chinkhoswe cha mng'ono wathu Esinati. Mwambo utatha, akuchimuna anapempha abambo kuti afotokoze mmene anapezera amayi. Mukuidziwa nkhani ya kuchigayo ku Ntcheu ija, imene inkatitopetsa tili ana. Anayamba bwinobwino: mtsikana wa duku lofiira atasenza dengu la chimanga, iwo akunamizira kukonza tcheni cha njinga. Atafika pa phokoso la chigayo, nkhani ija inawathawa. Kenaka anayamba za sitima ndi njanji imene ankalondera ku Mozambique, n'kumatchula mayina a asilikali anzawo amene anatsala m'tchire muja, osaphonya ndi limodzi lomwe.

Amayi anawagwira dzanja nati, "A Ngozo, bwererani kuchigayo."

Abambo anawayang'ana mwaulemu ngati mlendo, n'kufunsa kuti, "Pepani mayi, kodi mtsikana wa duku uja anapulumuka?"

Amayi anangoti, "Anapulumuka," n'kukalowa m'nyumba.

Kuchipatala akungotipatsa mapiritsi ogonetsa, ndipo ine ndataya chiyembekezo choti abambo adzachira. Nkhondo aisunga yonse m'mutu, ife ndiye akutitaya mmodzimmodzi.

Musavutike ndi jekete munalonjeza lija. Bwerani inuyo Khirisimasi isanafike, mwina mudzapeza dzina lanu likadalimo. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Nangozo