Ndinavina mu holo ya adani a amuna anga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 53. Ndakhala pabanja ndi a Wenzu zaka makumi atatu, ndipo ana athu awiri ali paokha. Bambo akunyumbawa amaimba lipenga mu bandi ya obiriwira, monga ankachitira bambo awo ndi agogo awo. Mukudziwa nokha mmene zimakhalira m'midzi mwathu muno: mudzi umodzi mabandi awiri, ndipo anthu ake saonana ndi diso labwino. Kutsidya kwa bwalo la tchalitchi kuli holo ya bandi ya ofiira, ndipo wa kwathu sapondako phazi ngakhale kugwe mvula ya matalala. M'nyumba mwathu mulibe ngakhale kansalu kofiira ka pathebulo. Ine yanga chaka ndi chaka ndi kusoka mbendera za chikondwerero cha woyera wathu, kusita yunifolomu, kenaka kuima m'mbali mwa msewu ndi botolo la madzi bandi ikamadutsa.

Mu Febuluwale, ndikugula pastizzi, tizitumbuwa ta kwathu kuno, ndinaona chipepala chakuti mtsikana wina wa mumzinda wa Valletta, dzina lake Miriana, akujambula filimu yake ndipo akufuna amayi achikulire. Chinandilowa sindichidziwa. Ndinapita, ndipo anandipatsa mbali ya mayi wamasiye amene akuphunzira kuvina. Kunyumba ndinanama kuti ndikukathandiza mkulu wanga kushopu kwake.

Tsiku loyamba ndi pamene ndinadziwa kuti tijambulira mu holo ya ofiira, poti ndiwo anamubwereka malo. Ndinangoima pa khomo lakumbuyo osalowa. Miriana anaseka nati, "Azakhali, lowani. Pansipa ndi simenti chabe, sipaluma." Ndinalowa. Anandiveka diresi lofiira psuu, ndipo ndinavina masiku asanu ndi anayi zitseko zili zotseka.

Atandionetsa zomwe anajambula, ndinaona mayi akuseka mokweza, mutu atauponya kumbuyo. Kunena zoona, ndinatenga nthawi kuti ndivomere kuti ndine. Kuseka kumeneko ndinakusiya kwa amayi anga tsiku la ukwati. Ndinalira ngati mwana.

Tsopano filimuyo aionetsa pabwalo la tchalitchi pakatha masabata awiri, mudzi wonse uli pomwepo. A Wenzu si munthu woipa, sanayambe andikwezerapo dzanja. Koma mlongo wawo atakwatiwa ndi wa ofiira, iwo anati, "Ameneyo kwa ine wafa, tamuika kale," ndipo anakhala zaka zinayi osamulankhula. Miriana wandiuza kuti, "Mukanena, ndichotsa mbali yanu yonse, koma ndichotsa ndikulira."

Ndichotsetse, Aphungu? Banja langa ndimalifuna. Koma mayi wosekayo ndangomupeza kumene, ndipo ndikuopa kuti ndikamubisa sindidzamuonanso.

L.B., Mqabba

Mayi L.B.,

Musachotsetse. Mukatero, amuna anu adzagona tulo tabwino, inu n'kumadzuka tsiku lililonse ndi chakukhosi chomwe iwo sadzadziwa kuti chachokera kuti. Banja lotero silinapulumuke, langodwala mwakachetechete.

Koma tisiyanitse zinthu. Diresi lofiira si tchimo, ndipo woyera wanu sasankha bandi. Pomwe munalakwa ndi pa bodza la kushopu lija, ndipo mwakokeramo ndi mkulu wanu yemwe. Limenelo mupepese mosazungulira.

Auzeni sabata ino, nokha, pakamwa panu. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kwanuko nkhani imadumpha pakhonde la uyu kukafika la uyo msuzi usanawire, ndipo wosunga makiyi a holoyo alinso ndi pakamwa. Chimene chingawabaye a Wenzu si kuvina kwanu ayi, koma kuzimva koyamba kwa munthu wa ofiira akuwaseka pagulu.

Sankhani tsiku lomwe alibe zokonzekera za bandi. Adye kaye. Yambani ndi bodzalo, kenaka holo, kenaka diresi, osasiyako kena koti akadzidzimuke nako pabwalo. Pemphani Miriana akupatseni kachigawo kovinako kuti aonere m'khitchini mwanu muli awiri, kuti nkhope yawo ikasintha isinthire pamaso panu nokha.

Akwiya, musadzinamize. Walira mvula walira matope. Mwina akhala chete masiku angapo, ndipo inu musawathamangire ndi misozi kapena kulonjeza kuti simudzabwerezanso, chifukwa ine ndikuona kuti mudzabwereza. Zikafika poipa, pitani kwa mlamu wanu uja. Njira yobwerera mumtima mwa mchimwene wake amaidziwa kuposa tonsefe.

Chenjezo langa ndi ili. Musawauze kuti zaka makumi atatu zonsezi munali m'ndende. Si zoona, ndipo mawu otero sabwezeka. Munthu amene wakonda lipenga lake moyo wonse akudziwa tanthauzo lokhala ndi chinthu chako chomwe chimakuwiritsa magazi. Lankhulani nawo kuchokera pamenepo.

Akakufunsani kuti nanga mukufuna chiyani kwa iwo, yankho lake ndi lalifupi. Zaka makumi atatu mwaima m'mbali mwa msewu, botolo la madzi kukhwapa, kuwaombera m'manja iwo akudutsa. Apempheni kuti tsiku limodzi lokha aimeko ndi iwo.

Aphungu