Apongozi anga adzaza nyumba ndi nyama za Chingerezi

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ntchito yanga ndi yosoka. Makina anga amakhala pakhonde, moyang'ana msewu. Nkhani yangayi ndikawafotokozera anzanga amaseka mpaka kugwira nthiti, ndiye ndati ndiyese inu, mwina mumva kaye musanaseke.

Tikukhala ndi apongozi anga aamuna. Moyo wawo wonse anali mphunzitsi wa Chingerezi kusekondale, munthu wosavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Chimwalirireni akazi awo, mutu wawo wakhala ukutaya zinthu pang'onopang'ono. Anayamba ndi makiyi, kenako masiku, tsopano mayina athu. Zidzukulu zawo amazipatsa moni ngati ana a aneba.

Tsiku lina m'mawa ndinasowa choko changa cholembera pansalu. Ndinasanthula m'madirowa, pansi pa makina, m'thumba la epuloni, osachipeza. Polowa m'nyumba ndinawapeza apongozi ataima pabalaza, atavala jekete, akulemba kuseri kwa chitseko ndi zilembo zokongola zopendekeka. Atandiona anati, "Wachedwa. Khala apo, pafupi ndi zenera." Aphungu, ine apongozi angawa ndinkawaopa kwabasi, ndinkangowaikira tiyi n'kubwerera cham'mbuyo. Koma tsiku limenelo ndinangopezeka ndakhala pampando, tepi yoyezera ili m'khosi.

Phunziro limene latsala m'mutu mwawo ndi limodzi lokha: zining'a za Chingerezi zotchula nyama. Sindizilemba m'Chingerezimo, masipelo angandichititse manyazi. Akuti eni chilankhulocho mvula ikagwa yamphamvu amati kukugwa agalu ndi amphaka. Munthu akaulula chinsinsi amati watulutsa mphaka m'thumba. Chinthu chosatheka amati chidzachitika nkhumba zikadzauluka. Mawu akasasa ndiye kuti pakhosi pakhala chule, ndipo ukamanjenjemera ndi mantha ndiye kuti m'mimba mwako muli agulugufe. Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti mphakayo m'thumbamo analowamo bwanji. Anaganiza kanthawi, kenako anati, "Funso labwino. Wolakwa ndi amene anamuikamo, koma buku silimutchula."

Apa ndikuuzeni zoona. Ine sukulu ndinalekera folomu yachiwiri bambo anga atadwala, ndipo ndinkayesa kuti ndinaiwala kale fungo la kalasi. Ayi ndithu. Masiku ano phazi limapalasa makina koma mutu uli kwina. Mitambo ikachita bii ndimaimitsa singano n'kuyang'ana kumwamba, ndiye ndimaona amphaka akutsika pang'onopang'ono, michira ili m'mwamba, n'kumatera pamalata mopanda phokoso. Agalu amabwera pambuyo, makutu akupepheruka, nkhope zodabwa. Madzulo nkhumba zimadutsa pamwamba pa mawaya a magetsi, timapiko tating'ono, zikupita kumene sindikudziwa, ndipo ndimazisirira. Mlungu wathawu ndinasokera thalauza la kasitomala matumba onse awiri kumbali imodzi. Mwini wake anandifunsa ngati kunyumba kuli bwino.

Zidutswa za nsalu zimene ndinkataya ndayamba kusokera nyamazo. Mphaka ndi wa nsalu ya suti, chule ndi wa diresi lobiriwira la mkwatibwi wina amene anasintha maganizo, gulugufe ndi wa kansalu ka lesi. Apongozi amazindanda patebulo, n'kumanyamula imodziimodzi pophunzitsa. Nthawi ikakwana ndimagogoda kapu ndi supuni, iwo amati, "Belu lalira," n'kupita kukadya. Munthu amene tinkachita kumuchonderera kuti alawe chakudya, tsopano amamaliza mbale. Amasamba okha, amapesa, amapukuta nsapato. Akuti mphunzitsi saima kutsogolo kwa ana ali mbuu.

Vuto lili ndi amuna anga. Iwo ndi makaniko kugalaja. Ali mnyamata anaphunzitsidwa ndi bambo awo omwewa, koma Chingerezi sichinawakonde, ndipo bambowo ankafuna mwana wa tayi. Mpaka lero amuna anga akaweruka amasambiratu kugalaja komweko, n'kuvala shati yoyera, chifukwa akuti bambo awo ankadana ndi girisi m'nyumba. Ndiye akangolowa, apongozi amaimirira, kumanga batani la jekete, n'kunena kuti, "Takulandirani, a hedi. Kalasi ikuyenda bwino." Amuna anga amangotuluka, n'kukasamba m'manja pampopi nthawi yaitali, manja oyera kale.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Mayi, bambo anga si chidole. Munthu wadwala mutu, inu mukumuombera m'manja? Mukuwonjezera misala." Anatenga nsalu yonyowa n'kupukuta chitseko chonse, choko anachibisa. M'mawa mwake apongozi anazungulira nyumba, kutsegula madirowa, kusuzumira pansi pa mipando. Nditapita kukatenga ulusi anatuluka. Anawapeza ndi wogulitsa nyuzipepala, ataima pasiteji ya basi, akuuza anthu kuti achedwa, ana akuwadikira. Anabwera nawo atawagwira dzanja, nsapato zili fumbi lokhalokha.

Amuna anga anachita mantha, n'kuimbira mchemwali wawo. Agwirizana kuti kumapeto kwa mwezi uno alamu angawo adzawatenge. Iwo ndi munthu wabwino, koma amakhala okha m'nyumba yosanja, ndipo amachoka m'mawa kubwera dzuwa litalowa. Akuti azidzawakhomera m'nyumba kuti asasochere. Ndikaganiza za apongozi anga atavala jekete, ataima kuseri kwa chitseko chokhoma popanda wowakwezera dzanja, mtima umandipweteka.

Ndinagula choko china. Amuna anga akangopita kuntchito timayamba, akatsala pang'ono kubwera ndimapukuta chitseko n'kubisa nyama zanga m'basiketi ya ulusi. M'banja mwathu sitinabisiranepo kanthu, ndiye chakudya sichikunditsika bwino.

Pali chinanso chimene chimandimvetsa chisoni. Phunziro lililonse amayang'ana kampando kamene kali kumbuyo, pafupi ndi kabati, n'kufunsa kuti, "Mnyamata wakumbuyo uja sanabwerenso?" Nditafunsa kuti uti, anati, "Wa manja akuda uja, amene amandikonzera njinga. Ndikamufunsa funso amanjenjemera, ali ndi agulugufe m'mimba. Koma ali ndi mutu kuposa nonsenu. Usamuuze, angakule mtima." Ine ndimangoyankha kuti akudwala. Ndiye amatenga gulugufe wa lesi uja n'kumuika pakampandoko, akuti amusungire malo. Ana amene anadutsa m'manja mwawo ndi ambirimbiri, sindingadziwe kuti akunena uti, koma zimandikhudza.

Aphungu, kodi ndikulakwa kunamiza munthu wamkulu kuti ali m'kalasi? Kodi ndikuchitira iwo, kapena ndikudzichitira ndekha chifukwa sukulu inandipita? Ndipo ndiwauze chiyani amuna anga mwezi usanathe?

Ndine E.T.M., telala wa pakhonde.

Mayi E.T.M.,

Sindinaseke, kupatulapo pa thalauza paja. Kasitomalayo mumukonzere.

Choyamba, chotsani mawu akuti misala m'nyumba mwanu. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi matenda oiwala amene amagwira anthu ena akamakalamba, koma ine si dokotala, ndipo inunso si dokotala. Pitani nawo kuchipatala mlungu uno, ndipo amuna anu apite nawo, akamve ndi makutu awo. Nthawi zina pamakhala zina zimene zikuwonjezera kuiwalako zoti n'kuthandizika. Mawu amene mkazi wanena kakhumi osamveka, dokotala akanena kamodzi amalowa. N'zowawa, koma amuna ambiri ndi otero.

Za kunamiza, mtima wanu ukhale pansi. Inu simunamange kalasiyo. Anaimanga okha ndi zimene zawatsalira, inu mwangovomera kulowamo. Munthu amene akudya, kusamba ndi kupukuta nsapato chifukwa ali ndi womudikira m'mawa sakunamizidwa, akusamalidwa. Ndipo ngati inunso mukupezamo chisangalalo, vuto lili pati? Simunabe kanthu. Mwezi ukatha mufunse za sukulu za akuluakulu za kwanuko, chifukwa mutu umene umaona nkhumba pamwamba pa mawaya si woti uzingoyeza ziuno.

Amene mukuwanamiza ndi amuna anu, ndipo zimenezo zithe. Tsiku limene adzabwere msanga n'kupeza chitseko chili mbee, simudzakambanso za bambo awo, mudzakamba za bodza lanu, ndipo mlanduwo mudzagwa nawo. Auzeni nokha, akadya, ana atachoka. Musayambe ndi kuwatsutsa. Mantha awo ndi oona: mkuluyu anasochera, ndipo akhoza kusocheranso. Awonetseni kuti mwaganizirapo. Ndinu telala, sokerani kansalu kolembapo nambala ya foni m'kati mwa jekete ndi malaya awo onse. Uzani aneba ndi wogulitsa nyuzipepala uja kuti akawaona okha pamsewu aziwabweza. Pezani kabolodi, chitseko chipume, ndipo kalasi izikhala ndi nthawi yake tsiku ndi tsiku. Muwakumbutsenso modekha kuti bambo awo anatuluka tsiku limene choko chinabisidwa.

Alamu anu si mdani, musawayang'ane ndi diso lofiira. Aitaneni adzaone kalasiyo asanasankhe chochita. Kukhomera munthu woiwala yekha m'nyumba yosanja tsiku lonse n'koopsa. Pali moto, pali mazenera, pali masitepe. Ngati akufuna kuthandiza, azibwera Loweruka kudzakulandirani kuti inunso mupumeko, popeza ntchitoyi idzakula ndipo msana wanu ndi umodzi.

Tsopano za mnyamata wakumbuyo uja. Mayi inu, mumatha kuona amphaka m'mitambo, koma munthu amene mumagona naye chipinda chimodzi osamuona? Wa manja akuda, wokonza njinga, wonjenjemera pamaso pa mphunzitsi wa Chingerezi. Ndani winanso? Amuna anu sakwiya ndi choko. Chikuwapweteka n'chakuti amalowa m'nyumba mwawo, bambo wowabereka n'kuwapatsa ulemu wa mlendo. Akuyesa kuti aiwalika. Sakudziwa kuti amafunsidwa tsiku lililonse, kuti akusungiridwa malo, ndiponso kuti mawu amene anawadikira kuyambira ali mwana akunenedwa iwo kulibe. Aphunzitsi anakuuzani kuti musamuuze mnyamatayo. Lamulo limenelo ndalichotsa ine. Mphaka ameneyu mutulutseni m'thumba, ndipo amuna anu akakula mtima, aukule.

Mukawauza, muwapemphe chinthu chimodzi. Tsiku lina aweruke msanga, asavale shati yoyera ija. Abwere atavala ovolosi, m'manja asasambe kwambiri, alowe mwakachetechete n'kukhala pakampando kaja. Sakufunika kudziwa za chule kapena nkhumba. Angokhalapo basi. Akakana koyamba musawakakamize, ingosiyani gulugufe uja pamene angamuone.

Ndikuchenjezeni. Musawalonjeze kuti bambo awo adzawazindikira. Mwina adzatero, mwina adzaona munthu wamkulu wa ndevu n'kupitiriza kufunafuna mnyamata. Zikatero pasakhale wokalipa kapena wowakakamiza kukumbukira, mudzayesenso tsiku lina. Ndipo musachedwe nazo. Matenda oterewa nthawi zambiri sabwerera m'mbuyo. Kumene kunapita makiyi, masiku ndi mayina anu, nyama zanunso zidzapita komweko, imodziimodzi, ndipo lidzafika tsiku limene adzagwire choko osadziwa ntchito yake.

Tsikulo lisanafike, akadzafunsa kuti mnyamata wakumbuyo uja sanabwerenso, inu mudzakhale chete. Pakhale wina woyankha kuti, "Ndabwera, aphunzitsi."

Aphungu