Zaka za Mayi Zili M'dzina Lanu

Limbuli,
Mulanje.

Okondedwa Amayi aakulu,

Landirani moni wochokera kwanu kuno, kunsi kwa phiri. Kaya muli bwanji ku Kasunguko, inu ndi bambo aakulu a Lackson? Chifuwa chawo chija chinaleka? Ife tilipo. Chiperoni chafulumira chaka chino, moti m'mawa phiri silioneka n'komwe, koma nandolo wachita bwino.

Ndine Pemphero, mwana wa mng'ono wanu Rute. Foni ndikanatha kuimba, koma ndinaopa kuti mayunitsi angatithere nkhani ili pakati.

Mayi asiya ntchito yothyola tiyi ku esiteti. Mawondo akana. Mwezi wathawu anagwa ndi dengu kumsana pamtsetse wopita kusikelo, ndipo adokotala anawauza kuti za m'munda wa tiyi aiwaleko.

Tinkaganiza kuti alandira gilachuwiti, ndalama ija amathokozera nayo munthu amene wakhalitsa pantchito. Pa esiteti imeneyi amapatsa amene wakwanitsa zaka khumi osadukiza. Mayi anayamba ine ndili kamtsikana, lero ndili ndi imvi, choncho tinapita ku ofesi mtima uli m'malo. Anavala ndi chitenje chawo cha ku tchalitchi chomwe.

Kalaliki wake, mtsikana waulemu dzina lake Angella, anayang'ana pakompyuta nati Rute Namakhwa wagwira zaka zisanu ndi zitatu zokha. Mayi anaseka. Anamufunsa ngati akuwerenga kuyambira chaka chimene iyeyo anasiya kuyamwa. Mtsikanayo sanaseke nawo. Anati zaka zina zonsezo zilipodi, koma ndi za Esteri Namakhwa.

Esteriyo ndinu, amayi, ndipo mukudziwa mmene zinayambira.

Chaka chimene munakwatiwa n'kupita ku minda ya fodya, bambo anga anali atatisiya, m'nyumba mulibe ndi mchere womwe. Ku esiteti sankalemba anthu atsopano. A Pilato, kapitawo uja wa chipewa chong'ambika, anauza mayi kuti nambala ya pantchito ilibe nkhope, bola dengu lizidzaza. Munawasiyira dengu lanu ndi nambala yanu. M'mawa mwake ataitana dzina lanu, anavomera ndi mayi.

Ndimakumbukira masiku amene ndinkawapititsira chinangwa chophika masana. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa bulugamu pafupi ndi sikelo, fungo la tiyi wonyowa lili ponseponse. Kalaliki akafuula dzina lanu ndinkadzuka n'kuyang'ana kumsewu, kuganiza kuti mwabwera. Zinanditengera nthawi kuti ndizolowere kuti wotuluka pamzerepo ndi mayi anga omwe, thukuta lili kamukamu, akundikodola kuti ndikhale chete.

Anzawo ankawaseka kuti ndi iwo okha amene ali ndi dzina la kuntchito ngati chitenje cha kumunda, lovala m'mawa n'kulivula pageti. Kaya munamvako za a Thomson oyendetsa thirakitala? Anawakonda mayi, navala jekete n'kubwera kumudzi kudzafunsira Esteri. Agogo anawauza mosabisa kuti Esteri ali pabanja ku Kasungu ndipo ali ndi ana atatu. Bamboyo anabwerera akudandaula njira yonse kuti akazi a ku Limbuli ndi oopsa. Mayi akaikumbuka nkhaniyi amaseka mpaka misozi.

Dzina lanulo linatilera. Fizi yanga, nsapato zanga zoyamba, malata a nyumba imene munagonamo pa maliro a agogo, zonse zinachokera m'menemo.

Zitupa za unzika zitabwera, ku esiteti anati aliyense alembedwe monga mmene chitupa chake chikunenera. Kalaliki wa nthawi imeneyo sanafune zovuta. Anatseka Esteri ngati munthu wosiya yekha ntchito, natsegula Rute ngati wobwera kumene. Mayi anabwera kunyumba akuvina tsiku limenelo, ati tsopano aziitanidwa dzina limene anabatizidwa nalo. Palibe anawauza kuti zaka zawo zatsalira m'dzina lakalelo.

Angella watiuza njira imodzi yokha. Akuluakulu a esiteti ndi a bungwe la antchito akumana kumapeto kwa mwezi wa mawa. Esteri weniweni akabwera ndi chitupa chake, n'kunena pamaso pawo chaka chimene anachoka ndi amene anamusiyira nambala, akhoza kulumikiza zakazo. Nkhaniyo ikapitirira tsiku limenelo, aitseka.

A Pilato anamwalira kalekale. Anzawo a mayi ndi okonzeka kuchitira umboni, koma tangoganizani, atatu amene tinawatengera ku ofesi, onse polankhula ankangoti a Esteri awa, a Esteri awa. Mayi Eneles mpaka analumbira kuti Rute sakumudziwa. Angella anachita kubisa nkhope ndi faelo.

Munthu wina anatipatsa nzeru yachidule, yoti inu mungobwera n'kunena kuti munagwira ndinu zaka zonsezo, mulandire ndalamayo, mupatse mayi kumbali. Mayi anakana ndi mutu womwe. Anati dzina la mkulu wawo analibwereka nthawi yaitali mokwanira, sangalitumenso kukanama paukalamba. Anatinso amene anaterereka m'matope a Januwale ndi iwo, ndipo akufuna zimenezo zinenedwe poyera.

Ndikudziwa kuti simunalankhulane chichokereni pa maliro a agogo. Ndinalipo pamene munkakangana za munda wa kumtsinje. Ndinamva mayi akuti munthu wothawa kwawo alibe munda, ndinamvanso inu mukuyankha kuti ngakhale dzina lomwe amadyera ndi lanu. Sindikuweruza, amayi. Nonse munali ndi chisoni. Koma mawu anuwo anali oona, ndipo n'chifukwa chake mayi sangathe kukupemphani okha. Akuti angayambire pati kupempha munthu amene anawapatsa kale zonse.

Ndiye ndikupempha ndine. Bwerani. Munda uja palibe anaugulitsa, mbali yanu mayi amangodzalamo nandolo kuti tchire lisalowe. Za ulendo ndikutumizirani pafoni, ndipo ndidzakuchingamirani pa siteji ya Chitakale. Mukapanda kubwera, mayi apuma ngati waganyu amene anangodutsa, ndi mawondo akufa, opanda chowagulira mankhwala.

Dzulo ndinawauza kuti ndikukulemberani. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anasisita bondo, kenaka anati ndisakukakamizeni, mwina muli ndi zochita. Nditanyamuka anandiitananso. Anati ndikufunseni ngati mano akadalipo odyera kalongonda, poti ku Kasungu sadziwa kumuphika. Akuti muneneretu tsiku, chifukwa nyemba imeneyi imafuna kuyamba dzulo lake, kuwiritsa n'kutaya madzi, kuwiritsanso n'kutaya, mpaka kuwawa konse kutachoka. Nkhuni atuma kale adzukulu kukatola.

Mundiperekere moni kwa bambo aakulu, kwa abale anga Sekani ndi Leah ndi ana awo onse. Mulungu akusungeni, akupatseninso mphamvu za pamsewu.

Ndine mwana wanu,
Pemphero.