Yamikani Wabwerera pa Ayezi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ndine Lameki wanu. Ife kuno ku Dubai tikudzuka bwino, ndipo kutentha kwayamba kuchepa moti madzulo anthu ayambanso kuyenda panja. Papita chaka ndi miyezi isanu ndi itatu chikugonekereni ku Dedza, koma mpaka lero Lamulungu tikangoweruka kutchalitchi dzanja langa limapita lokha pafoni, kenako ndimakumbukira.

Ndiyambe ndi za kumudzi, poti ndi zimene munkayamba kufunsa. Mlongo wanga Esinati anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo anamutcha Felesiya, dzina lanu. Ndangomuona pazithunzi, koma chipumicho ndi chanu ndithu, ndipo akuti akalira mudzi wonse umadziwa. Kudimba kwanu alamu anadzala kachewere, anakolola bwino, kungoti nyemba zinapsa ndi dzuwa. Mtengo wa mapichesi uja munkauopseza ndi nkhwangwa chaka chilichonse chifukwa chosabereka, chaka chino nthambi zachita kuthyoka. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, kwatsala thadzi limodzi lokha, ndipo Esinati wakana kuti liphedwe.

Mpongozi wanu Nabanda akugwirabe ntchito kuchipatala kuja, pano amuika kukhala woyang'anira wodi. Tinasamuka ku Al Rigga kumene munkadandaula phokoso la magalimoto, tikukhala ku Silicon Oasis, nyumba yapamwamba koma yabata. Mukanaikonda, ngakhale ndikudziwa kuti mukanafunsa ngati pali poti munthu angadzale mpiru.

Koma chimene ndakhalira pansi n'kulemba ndi mdzukulu wanu Yamikani. Pali nkhani imene sindinakuuzeni, ndipo yandilemera.

Mukudziwa mmene zinayambira. Ntchito yanga ndi yosamalira makina oziziritsa pabwalo la ayezi la mumolo muja, chinyumba cha masitolo chija. Mwanayo atangobwera kuchokera kwa inu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Loweruka lina ndinasowa womusiyira ndipo ndinapita naye kuntchito. Anzanga anamuveka nsapato zija zokhala ndi mpeni kunsi kuti asandisokoneze. Pamene ndinkatuluka kuchipinda cha makina ndinamupeza ali pakati pa bwalo, wasiya kugwira mpanda, akuseka yekha. Tsiku limene ndinakuuzani pafoni kuti akufuna timugulire masiketi akeake, poti nsapato zimenezi ndi mmene amazitchulira, munati, "Iwe Lameki, mwana wamwamuna masiketi? Kodi ku Dubaiko mwapenga?" Tinaseka mpaka Nabanda anakhala pansi. Nkhaniyi Yamikani amaifotokozabe kwa anzake.

Komatu amene ankachita manyazi zenizeni ndinali ine. Ndinkafuna azimenya mpira ngati ana a anzanga. Mutabwera kudzacheza miyezi itatu ija, tinapita nanu kukamuonera. Munakhala pabenchi mutafunda zitenje ziwiri ndi jekete langa, mukung'ung'udza kuti kuzizira kotere ngakhale ku Dedza kulibe. Atayamba kuzungulira munaimirira, zitenje zinagwa. Pobwerera m'galimoto ndinati, "Amayi, anthu aziti chiyani, mnyamata kumavina chonchi?" Inu munanditembenukira n'kunena kuti, "Anthu ake ati? Atchule mayina ndikalankhule nawo." Sindinatchule ndi mmodzi yemwe. Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa, ndipo inu munakhala munthu woyamba amene iye ankamuimbira akapambana kapena akagwa.

Tsopano imvani. Tsiku limene munatisiya, Lachisanu lija m'mawa, tinali ku Abu Dhabi. Mipikisano yawo imakhala ya masiku awiri: tsiku loyamba amavina mwachidule, lachiwiri amavina nthawi yaitali, n'kuphatikiza mapointi. Esinati anandiimbira kundiuza za imfa yanu pamene Yamikani ankamanga zingwe za nsapato. Ndinatuluka panja, ndinalira, ndinasamba kumaso, ndipo ndinabwerera n'kumuombera m'manja ngati palibe chachitika. Ndege yoyamba imene tinapezamo malo inali ya Lamulungu. Ndinaganiza kuti, poti sitinyamuka lero, bwanji amalize kaye. Nabanda anandikaniza. Anati, "Timuuze, asankhe yekha. Amene anamulera ndi agogo ake." Ine ndinaumirira. Podziwa kuti abale ayamba kuika chithunzi chanu pamafoni, ndinamulanda foni yake n'kumunamiza kuti kochi waletsa mafoni mpaka mpikisano uthe.

Loweruka anavina bwino kuposa kale lonse, ndipo anakhala woyamba. Anamuveka mendulo, anajambulitsa akuseka mano onse pamtunda. Titafika poimika magalimoto anati, "Adadi, foni yanga. Ndiwaimbire agogo." Ndipamene ndinamuuza.

Sanalire, Amayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Munadziwa liti?"

"Dzulo m'mawa."

"Ndiye ine ndimaseka, ndimajambulitsa, agogo ali kumochale?"

Anavula mendulo ija n'kuiika pamwamba pa galimoto, analowa n'kutseka chitseko. Anaitola ndi mayi ake.

Kumaliro anakhala pakati pa amuna ngati wamkulu, koma kwa ine sanalankhule liwu. Titabwerera kuno anaponya nsapato zake pamwamba pa wadiropu. Kochi wake, Mayi Olga, a ku Russia aja munkati sadziwa kumwetulira, anabwera kunyumba kawiri kudzamunyengerera. Iye anangowauza kuti, "Khalas, basi, ndasiya." Miyezi isanu tinkakhala nyumba imodzi, kudyera patebulo limodzi, koma mawu ake kwa ine anali "eya" ndi "ayi" basi. Ndinkadziuza kuti ndinachita zimenezo chifukwa chomukonda. Koma mumtima ndinkadziwa kuti mbali ina ndinkafuna menduloyo ndine. Inu munkakonda kundiuza kuti, "Lameki, vuto lako umaganizira anthu m'malo mowafunsa." Mawu amenewo anandisowetsa mtendere.

Mu Ogasiti wa chaka chatha, kunja kukuwotcha ngati mu uvuni, kompuresa ina ya makina athu oziziritsa inafa ndipo ayezi yense anasungunuka. Tinagwira ntchito masiku anayi, kuthira madzi pang'onopang'ono, kudikira aume, n'kuthiranso. Titamaliza pankafunika munthu woti ayese ngati ayeziyo wagwira bwino tisanatsegulire anthu. Ndinapempha Yamikani. Anakana, koma mayi ake anamuuza kuti andiperekeze basi, ndipo anabwera atakwinya nkhope. Anakhala pabenchi, manja m'thumba.

Ndiye ndinachita chinthu chimene zaka zonse ndagwira ntchito pamenepo sindinachitepo. Ndinatenga nsapato zobwereketsa kwa alendo zija n'kuvala. Ine, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, ndi mimba yangayi. Ndinalowa nditakakamira mpanda, miyendo ikunjenjemera ngati mwana wa ng'ombe wobadwa kumene. Anzanga a ku India ndi ku Philippines anasiya ntchito n'kumaonerera. Ndinadzikankha, ndinatsetsereka mwina mikono isanu, kenako miyendo inapita kumwamba. Phii! Ndinayesa kudzuka, ndinagwanso. Ndinayesanso, ndinagwa chagada. Thalauzi yonse inanyowa.

Ndinamva mapazi. Anabwera ndi nsapato zake wamba, akuyenda mosamala. Anati, "Adadi, mukufuna kuthyoka msana? Gwadani kaye, muike phazi limodzi kutsogolo." Anandipatsa dzanja. Ndinaligwira koma sindinadzuke. Ndinati, "Yamikani, ndinalakwa. Agogo anali ako. Ndinakubera tsiku lako lowalira, ndiponso ndinakunamiza. Palibe chimene ndinganene chodzitchinjiriza nacho. Pepa, mwana wanga."

Amayi, sindinamvepo bambo anga akupepesa mwana, ndipo mawuwo anatuluka movuta. Mnyamata uja anagwada pa ayezi pomwepo n'kuyamba kulira, kulira kumene sanalire kumanda kuja. Ananena kuti, "Lachinayi anandiimbira, ine sindinayankhe, ndimati ndiwaimbira ndikapambana." Chimenechotu sindinkachidziwa. Miyezi yonseyo anasenza yekha. Tinakhala pamenepo mpaka matako anachita dzanzi, ndipo anzanga aja anabwerera mwakachetechete kumakina.

Atandikokera kumpanda anapukuta m'maso, anapita pashelefu n'kusankha nsapato zomukwana. Anazungulira bwalo katatu osalumpha, osavina, kenako anaima pafupi nane n'kunena kuti, "Pakona iyo ayezi wanu ndi wofewa." Ndipo ankanena zoona, paipi ina inali isanatseguke bwino.

Kubwerera sikunali kophweka. Anali atatalika, nsapato zakale zinamuthina, ndipo thupi linali litaiwala. Miyezi yoyamba ankabwera m'chiuno muli zipsera zokhazokha. Pali kalumphidwe kena kamene amati akiselo, kamene onse amakaopa: munthu amanyamuka akuyang'ana kutsogolo, amazungulira m'malere katatu ndi theka, n'kutera ndi mwendo umodzi akubwerera chambuyo. Anyamata amene akufuna kufika patali sangakathawe. Ndamuona akugwa nako kosawerengeka, mpaka ndinasiya kuyang'ana, ndinkangomvera phokoso ndili kuchipinda cha makina.

Nyimbo yovinira ya chaka chino anasankha yekha. Anatenga kanema wa ukwati wa Esinati, pamene amayi a m'mudzi munkavina chimtali, n'kupempha mnzake wodziwa makompyuta kuti aphatikize ng'omazo ndi zoimbira zachizungu. Mayi Olga poyamba anapukusa mutu, akuti oweruza sanazolowere. Atamuona akugwedeza mapewa mmene munkachitira inu, anangoti, "Bwerezanso." Chakumapeto kwa nyimboyo kumamveka nthungululu imodzi yaitali. Ndi yanu, Amayi. Tonse timaidziwa.

Mwezi watha kunali mpikisano wa achinyamata konkuno, ndipo kunabwera anyamata ochokera maiko ambiri, ena oti anayamba kutsetsereka asanadziwe kulankhula. Tsiku loyamba anagwa pa akiselo uja, anagwa moipa, ndipo anakhala wachisanu ndi chimodzi. Ndinkaopa kuti mtima wake wasweka, koma anangoti, "Ndinathamangira. Mawa inshallah." Tsiku lachiwiri kunabwera anthu akwathu oposa makumi awiri: alonda a m'mahotela amene anasinthana mashifiti kuti apezeke, manesi anzake a Nabanda, ndi banja lina la ku Chipata. Ambiri anali asanaonepo masewerawa. Anabwera ndi mbendera n'kumakuwa ngati ali kumpira, "Yalla Yami! Aonetse!" mpaka azungu ankatembenuka.

Ng'oma zitayamba, onse anakhala chete. Ndinamuona akutenga liwiro, akutembenukira kutsogolo, ndipo nthawi imeneyi sindinatseke maso. Ananyamuka, anazungulira, anatera. Mpeni unangolira kamodzi pa ayezi, mwendo winawo uli m'mwamba, manja atatambasula. Nabanda anandifinya dzanja mpaka chala chinatupa. Penapake chapakati anadzandira pang'ono n'kukhudza ayezi ndi dzanja, koma anapitiriza. Nthungululu yanu itamveka, amayi onse a kwathu anailandira. Ine ndinangobisa nkhope m'chipewa.

Anathera pachitatu. Si woyamba ayi, koma Mayi Olga anamwetulira, ndinaona ndi maso angawa. Tsopano amuitana ku mpikisano wina ku Ulaya mu Febuluwale, kumene kumapita anyamata amene akuyembekezeka kudzakhala akatswiri. Iye akuumirira kuti akalembedwe ngati Mmalawi, ndipo mapepala akutivuta poti kwathu masewerawa sadziwika, koma tikuyendetsa.

Katsala kamodzi. Musadandaule, si kakakulu. Kutatsala masiku atatu kuti mpikisano umenewu uyambe, adokotala anandipeza ndi shuga. Ndikutuluka m'chipatala, maganizo oyamba anali akuti ndidikire mwana amalize kaye. Ndinafika mpaka pachitseko cha nyumba ndili ndi maganizo amenewo. Koma titakhala patebulo ndinatulutsa pepala la adokotala n'kumupatsa. Anawerenga lonse, anafunsa mayi ake mafunso ngati wamkulu, kenako anati, "Zikomo pondiuza, adadi." Anadzuka, anatenga chitini cha shuga n'kukachiika pamwamba pa kabati, poti tsopano iye ndi wamtali kuposa ine. Mpaka lero ndikumwa tiyi wowawa, ndipo m'mawa uliwonse amandidzutsa kuti tikayende.

Mwezi wamawa tikubwera tonse atatu kudzaika chiliza chanu. Yamikani akuti ali ndi zoti adzakuuzeni yekha, ndipo wandipempha kuti tsiku limenelo ndidzaime patali. Ndidzaima patali. Ndikukulonjezani, Amayi, kuti mwana amene munandilerera uyu sindidzamubisiranso kanthu, kokoma kapena kowawa, ndipo ndizimufunsa ndisanamuganizire.

Gonani bwino. Timakukondani tonse.

Ndine mwana wanu,
Lameki