Seva ya m'galaja mwa a Mwamba

Aphungu,

Ndine mtsikana wa ku Ntcheu, ndikuchita maphunziro a zamakompyuta ku yunivesite ya ku Crawley kuno ku Perth. Sukulu zitatsekedwa kumudzi chifukwa cha Covid, ine ndi mnzanga Jeff tinapanga kapulogalamu kotumiza mafunso a Sitandade 8 pa SMS ku mafoni a makolo. Ana amayankha, aphunzitsi n'kumachonga. Ndi kaulere, ndipo khodi yake tinaiika poyera pa GitHub, malo osungira mapulogalamu pa intaneti, kuti aliyense aitenge ndi kuikonza mmene akufunira.

Chatisokoneza ndi malangizo a kagwiritsidwe kake. Jeff akufuna webusaiti ya mavidiyo ndi zithunzi zoyenda. Ine ndimafuna wiki, tsamba loti aliyense azilembapo. Tayesa zida zambirimbiri, chilichonse timachisiyira panjira, ndipo munthu akafunsa timangomujambulira mawu pa WhatsApp.

Wikiyo ndinaiyamba ndithu, koma nkhani ili pomwe ikukhala. Ntchito yanga ya m'kafe itatha, malire atatsekedwa, banja la a Mwamba, a ku Zambia omwe timapemphera nawo, linanditenga. Amanditcha mwana wawo. Bambo a m'nyumbamo atamva za pulogalamuyi anati: "Mwana wanga, vinthu va mahala pa internet sivikhulupilika. Nili na computer ikulu mu garage, ingonkhala chabe. Faka pamene apo." Ndikanakana bwanji? Anaipukuta fumbi okha, wiki ija tinaiika mmenemo, kompyutayo n'kukhala seva yathu. Pa mapemphero a pa Zoom amalengeza kuti ana a ku Malawi akuphunzira kuchokera m'galaja mwawo.

Koma a Mwamba amalawirira kuntchito ku Kwinana, ndiye amagona msanga. Asanagone amazungulira nyumba yonse kuzimitsa chilichonse pakhoma, ati ku Lusaka magetsi atabwera ndi ukali anawapserezera TV ndi filiji tsiku limodzi. Seva nayo imazima, galaja n'kukhomedwa. Nthawi imeneyo kumudzi amakhala masana, pomwe a Dora, aphunzitsi a ku Bilira omwe akhala nafe chiyambire, amapalasa njinga kupita pamsika kukasaka netiweki. Tsamba amalipeza lakufa.

Sabata yatha anasonkhanitsa aphunzitsi anzawo kuti awaphunzitse, tsamba osatseguka. Anandiuza kuti: "Achemwali, mwandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Bandulo yanga si yoseweretsa. Zikachitikanso ndisiya." A Dora akasiya, tilibenso wina, ndipo mayeso a anawo ayandikira.

Aphungu, tisankhe chida chiti? Ndikuopa kukhumudwitsa anthu amene anandipatsa pogona.

L.K., Armadale

Achemwali a L.K.,

Mwandilembera kalata yonseyi n'kumaliza ndi funso la chida? Musandipusitse. Vuto lanu lili ndi miyendo iwiri, limavala patapata, ndipo limazimitsa masoketi madzulo alionse. Inu mukulidziwa bwino, kungoti kukangana ndi Jeff za mawiki n'kokoma kuposa kuyang'ana bambo wamkulu kumaso.

Ndiyambe ndi Jeff wanuyo. Mavidiyo! Munthu wapalasa njinga dzuwa lili pamutu, kafoni kong'aluka galasi, bandulo yoti akayetsemula yatha, ndiye Jeff akufuna amuonetse zithunzi zovina. Akulembera a Dora kapena mabwana amene akufuna adzamulembe ntchito? Nonse awiri mwachita za pusi, ichi chakoma ichi chakoma, ndipo mwagwadi chagada. Anthu ophunzira mpaka kukwera ndege, koma malangizo a pulogalamu yanu ali m'mawu ojambula omwe adzapite ndi foni ikadzagwera m'beseni. Zandinyansa, ndikuuzeni.

Chida muli nacho kale. Lembani malangizo m'mafayilo a mawu okhaokha, a Markdown aja, muwasunge pomwe pali khodi. Mukasintha pulogalamu musinthe ndi malangizo nthawi yomweyo, osati mawa. Ku GitHub komweko mungathe kuwasandutsa tsamba la pa intaneti osalipira kanthu, ndipo makina akumeneko palibe amawazimitsa pokagona. Tsambalo likhale lopepuka, la Chichewa, zithunzi ziwiri zitatu basi. Pangani ndi kaPDF kakang'ono koti a Dora akatsitse kamodzi n'kumagawira anzawo popanda netiweki. Zoti mulembe musazifune kutali: mverani zonse munajambula pa WhatsApp zija, mafunso amene anthu amafunsadi ali momwemo. Mukamaliza, a Dora awerenge, ndipo pomwe akakamire mulembenso. Chilolezo chosintha tsambalo chisakhale ndi inu nokha, mumupatseko Jeff, mwina angapezeko chochita.

Wiki iwalani. Anthu awiri olephera kumvana pa tsamba limodzi akufuna kutsegulira dziko lonse kuti lizilembapo? Adzasesemo ndani?

Tsopano a Mwamba. Bambowa sindiwaseka kwambiri. Munthu amene anaonapo filiji ikufuka utsi ali ndi chifukwa chozimitsira soketi, ngakhale kuti magetsi a ku Armadale sanamulakwire. Ndikuseka inu, amene mumadya nawo tsiku ndi tsiku, kumagwedeza mutu akamalengeza pa Zoom, pomwe mukudziwa kuti tsambalo limafa aphunzitsi akamafika pamsika. Kodi munawauzapo kuti kuno kukamada, ku Bilira dzuwa limakhala likuswa mtengo? Sindikukhulupirira. Iwo akuganiza kuti dziko lonse limagona iwo akagona, ndipo inu mwawasiya choncho n'kumati ndi ulemu. Amenewo ndi mantha, achemwali.

Musawauzire pa gulu la tchalitchi, musatumenso Jeff. Yambani ndi mayi a m'nyumbamo, amadziwa nthawi imene amuna awo amamva. Kenako mukhale nawo pansi, muwathokoze ndi mtima wonse, chifukwa anakupatsani chimene anali nacho, ndipo muwauze mawu a a Dora ndendende, osathira shuga. Musawapemphe kuti asiye kuzimitsa, chizolowezi cha zaka zambiri simungachithetse ndi digiri yanu. Muwapemphe kuti kompyuta yawo izisunga kope la zonse, kuti za mahala amazikayikirazo zikadzasowa mudzathamangire kwa iwo. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni, ndipo itha kumagona usiku bwinobwino.

Ndikumvetsa kuti kukhala pakhomo pa eni, malire ali otseka, munthu umayeza mawu usanalankhule. Mwina adzakhumudwa masiku angapo, mudzapirire. Anthu amene anakutengani pa nthawi imene aliyense ankaopa chifuwa cha mnzake sangakutulutseni chifukwa cha tsamba la pa intaneti.

Koma chenjerani ndi kuchedwa. Amalawi ndi a ku Zambia a mu Perth muno ndife ochepa, ndipo nkhani siigona m'nyumba imodzi. A Dora akasiya, tsiku lina wina adzawafunsa a Mwamba, anthu onse akumva, kuti ana a ku Bilira aja anakhoza bwanji. Adzatembenukira kwa inu. Kusamutsa tsamba adzakukhululukirani. Chimene sadzakhululuka n'chakuti munkadziwa, n'kumawasiya akunyadira pagulu chinthu chakufa.

Kalankhuleni nawo lero, asanayambe kuzungulira masoketi.

Aphungu