Thanki Imene Unatumizira Abambo

Wokondedwa mlongo wanga Mzime,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Chifuwa chija cha wamng'onoyo chinatha? Nanga kuntchito akukuyendetsabe maulendo osatha aja? Ife kuno tadzuka, alamu ako ndi ana ali bwino. Amene sali bwino ndi abambo. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni umandidula ndisanafike kumene ndikupita. Khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto.

Ukudziwa kuti chimwalirireni amayi, abambo tikukhala nawo m'nyumba yathu yam'mwamba ino, kumene kulibe ngakhale kadothi kodzalapo anyezi. Miyezi yoyamba ankangokhala pawindo kuyang'ana mabasi akudutsa, n'kumanyoza madalaivala kuti sadziwa kusintha magiya. Munthu woti wayendetsa basi moyo wake wonse, kukhala manja lende kunkawadya. Adokotala anatiuza kuti tiwapezere chochita, apo ayi matenda awapeza okha.

Alamu ako ndiwo anabwera ndi nzeru yolima ndiwo zamasamba m'madzi, popanda dothi. Tinachotsa katundu m'kachipinda ka kumapeto kaja, n'kumangirira kukhoma mapaipi oyera oboolaboola. M'maboowo munakhala timakapu ta letesi ndi sipinachi, mizu ikulendewera m'kati, pamwamba mababu owala ngati dzuwa. Madzi osungunuliramo feteleza ankakhala mumgolo wakuda wapulasitiki umene tinapempha kwa ophika buledi, ndipo kapampu kankawakweza m'mapaipi n'kubwereranso mumgolomo. Unali mgolo wonyansa, wokalikakalika, koma waukulu, wachivindikiro chothina ndi kampopi pansi.

Mzime, ukanawaona abambo nthawi imeneyo! Ankadzuka, kumeta ndevu, n'kukalowa m'kachipindamo ngati akupita kudepoti. Ankatchera khutu kupampu monga ankachitira ndi injini, ndipo ikasintha kaliridwe ankadziwa ife tisanamve kanthu. Mbewuzo ankazitcha apaulendo awo. Letesi anachuluka mpaka kumagawira anthu a m'nyumba zoyandikana. Mayi wosoka zovala wa khomo lotsatira anawaseka kuti akapitiriza chonchi adzawafunsira ukwati yekha, ndipo abambo anaseka mpaka kutsokomola. Kuseka kotero ndinali ndisanakumvenso chichitikireni maliro.

Ndi nthawi imeneyo pamene ndinakutumizira chithunzi chija, n'kulemba mwanthabwala kuti mgolo wa abambo ukuoneka ngati wotayamo zinyalala. Ndinkangofuna useke. Ndikachiyang'ana tsopano chithunzicho mtima umandiwawa, chifukwa iwe unamva kuti abambo akusowa chinthu chabwino, n'kuwagulira thanki ija.

Tsiku limene inafika, abambo anavala jekete kuti akalandire katunduyo pakhomo. Atatsegula bokosi anangoti kukamwa yasa. Yoonekera m'kati ngati galasi, yowonda, yonyezimira. Anaisisita n'kunena kuti, "Mwaona? Mwana uja akundikumbukira." Ukudziwa wekha kuti kuyambira pamene munasemphana mawu pamaliro a amayi, simunalankhulane zopitirira moni. Kwa iwo thankiyo inali kulankhula kwako. Madzulo omwewo mgolo wakuda unatulutsidwa kukhonde.

Masiku oyamba tonse tinkalowa kukaonerera madzi akuvina m'kati. Kenako madziwo anayamba kubiriwira. M'mbali munamera ndere zoterera, zina n'kumatseka kapampu. Popeza thankiyo ndi yaing'ono, mbewu zinkamwa madzi msanga, otsalawo n'kumatentha ndi mababu. Mizu imene inali yoyera mbee inasanduka yofiirira, yonanda, ndipo m'chipindamo munayamba kumveka fungo la madzi oima.

Ndinawatenga abambo kupita kusitolo ya zipangizo zaulimi, kwa bambo wina wansangala amene aliyense amangomutcha a Mapaipi. Iwo anati vuto limeneli analionapo kambiri. Anati madzi a feteleza safuna kuona kuwala, chifukwa kuwala kukalowa ndere zimamera n'kulanda chakudya cha mbewu. Anati posankha thanki munthu ayang'ane yakuda, yaikulu kuti madzi asatenthe msanga, yotsekeka bwino, yokhala ndi kampopi pansi kuti pokhetsa madzi usainyamule, ndiponso yoti simunakhalepo mankhwala. Pomaliza anati ngati tikuikonda yathuyo, tingoipaka utoto wakuda kunja kapena kuikulunga ndi chinsalu chokhuthala.

Abambo anamvetsera zonse mwaulemu, chipewa chili m'manja. Kenako anati, "Zikomo bambo, koma mphatso ya mwana wanga siipakidwa utoto."

Anasankha kumaitsuka thankiyo pafupipafupi. Ankatunga madzi ndi kachidebe mpaka thankiyo itapepuka, n'kuikumbatira kupita nayo kubafa, kuikwecha, kubwera nayo, kusakaniza feteleza watsopano. Ndinawauza kuti azidikira alamu ako abwere kuntchito. Anandiyankha kuti ananyamulapo matayala a basi ine ndisanabadwe. Kangapo ndinaima pakhonde kuyang'ana mgolo uja, ndikuganiza zongoubwezera iwo atapita kokameta tsitsi. Ndinaopa kuwapweteka mtima, n'kusiya.

Tsiku lina m'mawa, tonse titachoka, madzi oterera aja anatayikira pansi abambo akutuluka ndi thankiyo. Mayi wosoka uja anamva chiphokoso kudzera kukhoma, n'kuthamanga ndi kiyi amene timamusiyira. Anawapeza chagada pakhomo la bafa, zovala zonyowa, mwendo utapindika moti iye sanathe kuuyang'ana kawiri. Akuti chinthu choyamba chimene anamufunsa n'chakuti thankiyo yang'aluka kapena ayi. Sinang'aluke. Chimene chinathyoka ndi fupa la m'chiuno.

Anawachita opaleshoni ndipo inayenda bwino, tikuthokoza Mulungu. Koma masiku amene tinali kuchipatala panalibe woganiza za kachipinda kaja. Kapampu kanatsekeka ndi ndere, mizu inauma, ndipo pobwera tinapeza masamba onse atagona m'mapaipi ngati nsanza. Ndinayesa kutseka chitseko kuti asaone, koma anaumirira kuti ndiwafikitse pakhomo ndi chitsulo chawo choyendera. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha kuti ndikawagoneke.

Alamu ako anawauza kuti atsuka mapaipi, abwezeretsa mgolo wakuda, ndipo mbewu zatsopano zimera posachedwa. Abambo anangoti asadzivutitse. Tsopano amagona atayang'ana kukhoma. Chakudya amangochilawa. Ndevu zamera, ndipo anamwino amene amabwera kudzawayendetsa akudandaula kuti mwendo ukufuna kuchira koma mwini wake sakufuna kuimirira.

Mwina ukudabwa kuti bwanji sindinakuuze pamene unaimba mwezi watha, n'kungoti akugona. Anandiletsa iwowo. Ali pabedi la kuchipatala anandigwira dzanja mwamphamvu n'kunena kuti, "Usamuuze. Akamva kuti ndinagwa nayo asiya kutumiza zinthu. Ndiye ndizidziwa bwanji kuti alipo?"

Mawu amenewo sakundichoka m'mutu mpaka lero, n'chifukwa chake ndalemba.

Sindikukuimba mlandu, mlongo wanga. Unagula ndi mtima wabwino, ndipo sitolo imene unagulako mwina inkagulitsa zokongoletsera m'nyumba, iwe sukanadziwa. Ndikungodandaula kuti tafika poti bambo ndi mwana wake azilankhulana kudzera m'mabokosi, mpaka munthu wamkulu kuthyoka chiuno posamala pulasitiki.

Ndimakudziwa. Ukangomaliza kuwerenga uyamba kufufuza thanki yakuda, yaikulu, yodula kuposa zonse, kuti uitumize mawa. Chonde usatero. Ya mtundu umenewo ilipo kale pakhonde, ikungosonkhanitsa fumbi. Pempha tchuthi ubwere. Udzalowe nawo m'kachipindamo, udzawauze ndi pakamwa pako kuti abwezeretse mgolo wawo, kuti iwe sukhumudwa. Kwa ine ndi alamu ako sakumva. Kwa iwe adzamva.

Ngati kubwera kukuvuta pakali pano, imba foni, koma pa nambala yawo, osati yanga. Kalatayi ndalemba iwo osadziwa, ndipo adzandikalipira, zimenezo ndipirira. Ukaimba usayambe ndi kupepesa, sadzakulola kumaliza. Ungowafunsa ngati adya, ndipo akakhala chete usadule. Dikira mpaka ayankhe.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti ndawasowa. Ana uwapsompsone m'malo mwanga, ndipo wamkuluyo umuuze kuti azakhali ake akudikirabe chithunzi cha yunifolomu yatsopano. Alamu ako ndi ana kuno akupereka moni. Mulungu akusunge, akupatsenso njira yofikira kuno msanga.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana.